Khungu lakuda si matenda: mfundo zofunika kuzilingalira

1. Wogulitsa mafuta oyeretsa khungu sapeza phindu ngati mukukhutira ndi mmene mulili. N'chifukwa chake amayamba wakuuzani kuti muli ndi vuto. Mu 2017 kampani ya Dove inaika pa Facebook kanema woonetsa mayi wakuda akuvula malaya, m'malo mwake n'kuoneka mzungu. Anthu atalusa, inapepesa. Mu 2020 ku South Africa, sitolo za Clicks zinaonetsa tsitsi la mayi wakuda n'kulemba kuti ndi louma ndi lowonongeka, pomwe la mzungu analitcha labwinobwino. Mukaona chikwangwani cha malonda, dzifunseni kuti akufuna mudane ndi chiyani pa thupi lanu.

2. Kupepesa kwa amalonda musamakutengere pamtima. Mu 2020 Unilever inasintha dzina la mafuta a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely, koma mafutawo akugulitsidwabe.

3. Ndalama zimatuluka m'thumba, koma ngongole yeniyeni limalipira ndi thupi. Ambiri mwa mafuta oyeretsa khungu amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a matenda apakhungu monga clobetasol, amene amayenera kulembedwa ndi dokotala. Miyezi yoyamba nkhope imawala, anzanu n'kumafunsa kuti mukudzola chiyani. Kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera m'masaya, chilonda chimachedwa kupola, pansi pa maso pamada ngati papsa. Mfundo za zala zimakana kuyera, ndipo ndi zimene zimaulula chinsinsi pomwe mukupereka ndalama kwa kondakitala. Anthu pamsika sachedwa kutcha dzina: nkhope ya Fanta, miyendo ya Coke. Mercury ndiye imawononga impso, ndipo imafika ngakhale kwa mwana amene ali m'mimba.

4. Boma lili ndi udindo, ndipo lisamazengereze. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, inaletsanso otsatsa malonda kulonjeza kuti mafuta awo amayeretsa khungu. Côte d'Ivoire inachita zake mu 2015, kenako Ghana, ndipo ku Rwanda kuyambira mu 2018 apolisi ankalowa m'misika n'kulanda katunduyu. France nayo mu 2017 inalamula kuti chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lakonzedwa pakompyuta chizilembedwa kuti n'chokonzedwa. Kuno kwathu a Malawi Bureau of Standards ndi a bungwe loona za mankhwala la PMRA ayenera kuyendera mabenchi a zodzoladzola. Komabe tisadzinamize. Zaka zoposa 30 zapita chiletsereni ku South Africa, koma timachubu ta mafuta omwewo tikugulitsidwabe m'misewu ya Johannesburg. Ogula akakhalapo, katundu woletsedwa amangotsika pa shelefu n'kulowa m'chikwama cha pansi pa benchi.

5. Ogulawo timawalera tokha kunyumba. Mwana akabadwa, azakhali amathamangira kuyang'ana nsonga za makutu kuti aone ngati adzade. "Koma ndiye mwana woyera bwino!" timatero, mkulu wake wakuda ali chiimire pomwepo, akumva. Inunso abambo amene mumati mukufuna mkazi woyera, musamadabwe mayi akunyumba akabisa kachubu pansi pa matiresi. Lupita Nyong'o wa ku Kenya ananena poyera mu 2014 kuti ali mwana ankapemphera kuti adzuke atayerako. Anayamba kudziona mosiyana ataona Alek Wek wa ku South Sudan, wakuda bii, akutamandidwa padziko lonse. Mwana wanu asadikire mlendo wa pa TV kuti amve zimenezo.

6. Amene anayamba kale kudzola musawaseke, pakuti ena akufuna kusiya koma khungu limayabwa ndi kutuluka ziphuphu akangoleka mwadzidzidzi. Achemwali, ngati ndi inu, pitani kuchipatala ndipo mutenge kachubuko kuti adokotala akaone chimene mwakhala mukudzola.