Pamene Wachichepere Aba: Kodi Chilungamo Chimafunanji?

M'CHIGWA cha Honde, kummaŵa kwa Zimbabwe pafupi ndi malire a Mozambique, mabanja ambiri amadalira tiyi ndi nthochi. Pakati pa otchola tiyi kumeneko ndi ku Chipinge pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malaŵi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. Tayerekezerani kuti mnyamata wazaka 15 wa m'banja lotero wagwidwa ku Samanga atadula mikoko iŵiri ya nthochi m'munda wa mkazi wamasiye, akumafuna kukaigulitsa ku Hauna. Kodi nchiyani chiyenera kumchitikira? Ena anganene kuti akwapulidwe, ena kuti atsekeredwe. Komabe, zonse ziŵirizo sizimabwezera mkaziyo ngakhale phava limodzi la nthochi.

Chilamulo Chinakumbukira Wolakwiridwa

Chilamulo chimene Mulungu anapatsa Aisrayeli kupyolera mwa Mose sichinaike ndende kukhala chilango cha kuba. Munthu anali kusungidwa kokha poyembekezera chiweruzo. (Levitiko 24:12, Numeri 15:34) Mbala inafunikira kulipa, ndipo malipirowo anapita kwa mwini katundu. Wakuba ng'ombe naipha kapena kuigulitsa anabweza ng'ombe zisanu, pamene wakuba nkhosa anabweza zinayi. Ngati chifuyocho chinapezedwa chamoyo m'manja mwake, anabweza ziŵiri. (Eksodo 22:1, 4)

Koma taonani kusiyana uku. Munthu amene ananyenga mnansi wake, ndiyeno chikumbumtima nkumvutitsa kufikira ataulula yekha, anabweza chinthucho nawonjezapo limodzi la magawo asanu lokha. (Levitiko 6:1-7, Numeri 5:6, 7) Chotero woulula analipa pang'ono, ndipo wobisa analipa zambiri. Ndiponso, nsembe yake kwa wansembe sinaloŵe m'malo mwa kubwezako. Yesu anagogomezera lamulo la mkhalidwe limodzimodzilo pamene anaphunzitsa kuti wolambira ayenera kuyamba wayanjana ndi mbale wake asanapereke mtulo wake paguwa la nsembe. (Mateyu 5:23, 24)

Maboma ena afika pa lingaliro lofananalo. Mu 1974, woweruza wina ku Ontario, Canada, analamula anyamata aŵiri amene anawononga katundu m'tauni ya Elmira kukaonana ndi eni ake maso ndi maso ndi kulipira. Mu 1989, New Zealand anaika m'lamulo misonkhano ya mabanja yokambirana milandu ya ana, akumatengera mwambo wa Amaori. Malaŵi anakhazikitsa lamulo lolola kupatutsa ana kuwachotsa panjira ya kukhoti mu 2010.

Ku Zimbabwe, malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amanena m'chigawo 81 kuti mwana angatsekeredwe kokha ngati njira zina zonse zalephera, kwanthaŵi yaifupi koposa, ndipo osati pamodzi ndi achikulire. M'chaka chomwecho programu yotchedwa Pre-Trial Diversion inayamba kuyesedwa ku Harare, Chitungwiza, Murehwa, Gweru ndi Bulawayo, ndipo pambuyo pake inafutukulidwira kumadera ena. Wachichepere wopalamula mlandu waung'ono, amene wavomereza cholakwa chake popanda kukakamizidwa, angachenjezedwe, kupatsidwa uphungu, kuonana ndi wolakwiridwayo ndi kulipa, ndipo dzina lake silimalembedwa m'kaundula wa apandu. Mu 2019, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linaletsanso makhoti kugamula kuti anyamata akwapulidwe.

Kodi Kumeneko Nkulekerera?

Kutalitali! Baibulo limatsutsa mkulu wa ansembe Eli chifukwa chakuti anadziŵa zoipa za ana ake koma sanawaletse. (1 Samueli 3:13) Kholo limene limalipira mwakachetechete kuti nkhani izizire, mwana ali chigonere, likuchita zofanana ndi za Eli. Kulipa kwenikweni nkopweteka. Mnyamata wa ku Samanga uja angafunikire kuima pamaso pa mkazi wamasiyeyo, kumva kuti ndalama za nthochizo zinali za fizi ya mdzukulu wake, ndiyeno kupalira m'munda womwewo Loŵeruka lililonse anzake akumuona. Mtumwi Paulo analangiza kuti wakuba aleke kuba nagwire ntchito ndi manja ake, kuti akhale nacho chopatsa wosoŵa. (Aefeso 4:28)

Ndiponso pali milandu imene mbuzi kapena ndalama sizingathetse. Chilamulo chinaletsa kulandira dipo kaamba ka wambanda. (Numeri 35:31) Kupha munthu ndi kugwirira chigololo sizili pakati pa milandu yopatutsidwa ku Zimbabwe, ndipo banja kapena mpingo umene ungabise zoterozo m'dzina la kukhululuka ukuchimwira wolakwiridwayo kachiŵiri. Olamulira ali ndi thayo lawo. (Aroma 13:3, 4) Wolakwiridwa sayeneranso kuumirizidwa kukhala pansi ndi amene anamlakwira.

Kodi Ndani Adzamuimira?

Anthu a mu Afirika samaona njira imeneyi kukhala yachilendo. Olankhula Chishona amatcha bwalo lawo dare, ndipo kulipa amati kuripa. Kwa Acheŵa, mwana akapalamula, atsibweni ake ndiwo amanyamula nkhuku kumka nayo kubwalo. Koma mwana wobadwira pakomboni ya esiteti kaŵirikaŵiri alibe mtsibweni pafupi, ndipo mudzi wa agogo ake amangoumva dzina. Popanda wachikulire womperekeza ndi kumyang'anira, pangano lililonse la kulipa limagwa msanga. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umayesedwa panopa, makamaka kwa Akristu achikulire.

Talingalirani zimene Paulo anachitira Onesimo, kapolo amene anathaŵa mbuye wake Filemoni, mwinamwake atambera. Onesimo atakhala Mkristu, Paulo sanambise, ngakhale kuti anali kumthandiza kwambiri m'ndende. Anambweza kwa munthu amene anamlakwirayo ali ndi kalata m'manja. M'kalatayo Paulo anatcha Onesimo mwana wake, napempha Filemoni kumlandira monga mbale. Sananene kuti ngongoleyo iiŵalike. Anapempha kuti iŵerengeredwe pa iye, ndipo lonjezo lakuti adzaibweza analilemba ndi dzanja lake lenileni. (Filemoni 10-19)