Chikomekome cha poto wonyezimira

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu ndimaukumbukira ndikaona anthu pamsika wa pa Dedza akusankha poto poona ngati akuwala mokwanira kudziyang'anirapo nkhope.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, adzukulu anga. Tasuzumirani m'poto madzi akatsala pang'ono kuwira. Timathovu sititulukira paliponse ayi. Timabadwira pokandika, pomwe amayi anu anakwecha ndi mchenga, ndipo kamodzi kakanyamuka, kanzake kamatulukira pomwepo, mondondozana. M'kadzenje kotero mumabisala kampweya, ndipo nthunzi imayambira pamenepo. Kathovu kalikonse kamachoka katasenza kutentha kwa chitsulo, madzi ena n'kutsikira pamalo pake. Pansi posalala kwambiri madzi amasowa poyambira: amatentha mwakachetechete kupitirira muyezo, kenaka n'kufwamphuka kamodzin'kamodzi. N'chifukwa chake aphunzitsi a sayansi amaponya tizidutswa ta phale m'botolo asanaliike pamoto.

Moto wambiri nawonso si mankhwala. Donthezani madzi pachiwaya chouma cha anyamata a tchipisi chitatentha zedi. Dontho lija siliuma msanga, limangovinavina, chifukwa lakhala pamwamba pa nthunzi yake yomwe. Dokotala wa ku Germany, Johann Leidenfrost, analemba za zimenezi mu 1756. Mu 1934 Shiro Nukiyama wa ku Japan anayeza n'kupeza kuti moto ukapyola malire, nthunzi imakuta chitsulo chonse, kutentha n'kulephera kuwolokera m'madzi, mpaka chitsulocho chikhoza kupsa madzi ali pompo. Kuthamanga si kufika.

Tsono amisiri a masiku ano amatenga ufa wa mkuwa, n'kuuwotcha mpaka timibulu take titamatirira papaipi koma osasungunuka. Pamatsala timabowo tosawerengeka. M'timabowomo ndi mobadwira thovu, komanso ndi momwe madzi amabwereramo, monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini m'mwamba. Paja madzi saiwala khwawa. Motero chitsulo sichiuma, ndipo chimawiritsa madzi chitangowaposa pang'ono kutentha. Laputopu imene ana a sukulu akunyamula masiku ano kawirikawiri ili ndi kapaipi ka mkuwa kotere m'kati, kokhala ndi timadzi pang'ono, kamene kamaiteteza kuti isapse.

Ine zimandiseketsa, chifukwa mphika wadothi wa agogo unali ndi timabowo kalekale. Vuto lake n'lakuti dothi ndi laulesi popatsira kutentha. Chitsulo n'chachangu koma n'chosalala. Amisiriwa angokwatitsa ziwirizi, poti mutu umodzi susenza denga. Koma wina asanamizire zimenezi n'kuleka kutsuka mapoto! Mwaye wakunja ndi makoko a m'kati amatsekereza kutentha, sathandiza chilichonse.

Pali chimodzi chimene ngakhale mkuwa wa timabowo sungasinthe. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuno mpweya umapanikiza pang'ono, choncho madzi amawira atangofika madigiri pafupifupi 95, osati 100 ngati kunyanja ya mchere. Akayamba kubwata, satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale mutasonkhezera mtolo wonse. Ndiye chifukwa chake nyemba za ku Bembeke zimachedwa kupsa kwawo komwe kusiyana ndi ku Salima, ndipo nkhuni zoonjezerazo zimangotha mitengo ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni.

Viikani nyemba madzulo, vundikirani poto, ndipo madzi akabwata muzichotsa chikuni chimodzi pamafuwa.