Kodi N'kwabwino Kutsekera Buluzi M'bokosi?

Loweruka lina titatha msonkhano wathu wa acinyamata kuno ku Shimabala, mnyamata wina wa m'gulu lathu anandikokera pambali nandionetsa cithunzi pa foni yake. Cinali cithunzi ca buluzi wokongola zedi: thupi lobiriwira, mutu wacikasu, ndi mizere iwiri yakuda m'khosi yooneka ngati kolala ya malaya. "Akulu anga," iye anatero, "ku America anthu amaweta abuluzi awa m'nyumba, amawaswetsa, n'kumagulitsa ana ake. Bwanji ifenso osayamba ndi agulo athu omwewa?"

Amene anamva anaseka. Mtsikana wina anati buluzi n'cinthu conyansa. Wina anati gulo, amene ambiri kuno timati gumugumu, amaitana mphezi, monga mmene tinali kuopsezedwera tili ana. Ine sindinaseke, pakuti m'kati mwa funso lakelo munali funso lina lalikulu, ndipo ndilo ndifuna kuti tilingalire pamodzi, anzanga acinyamata. Kodi kukonda colengedwa kumatipatsa ufulu wakucitenga ndi kucitsekera?

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Ndili ndi zaka 11 ndinakola gulo ndi khwekhwe la ulusi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba yathu. Ndinamukonda cifukwa ca mutu wake wa mtundu wa thambo. Ndinamuika m'katoni, ndinaboola timabowo ta mpweya, ndinamuponyera nyenyeswa za nsima ndi masamba a repu, kenaka ndinabisa katoniyo kunsi kwa bedi. Mawa lake mtundu wokongola uja unali utazimiririka. Sanadye kanthu. Sabata isanathe ndinamupeza atauma. Agogo anga atandiona ndili kulira anandifunsa funso limodzi lokha: "Mdzukulu wanga, nsima unamuikiramo, nanga dzuwa unamuikiramo?"

Buluzi wa Kolala Amafuna Ciani?

Tisanaweruze nkhaniyi, tiyeni tidziwe coyamba cimene kuweta buluzi kumafuna. Buluzi wa pa cithunzi uja Azungu amati collared lizard, ndiko kuti buluzi wa kolala. Kwawo ndi kumadera ouma a miyala a ku United States, monga Oklahoma, Texas ndi Arizona, ndiponso kumpoto kwa Mexico. Anthu a ku Oklahoma amamunyadira kotero kuti mu 1969 anamusankha kukhala cizindikiro ca dera lawo pakati pa zokwawa. Kutalika kwake pamodzi ndi mcira kumayambira pa masentimita 20 kufika ca m'ma 35. Akamathawa mdani amanyamula miyendo yakutsogolo ndi kuthamanga ndi yakumbuyo yokha. Ndipo mosiyana ndi abuluzi ambiri, mcira wake ukaduka sumeranso.

Buluzi sadzipangira yekha kutentha kwa m'thupi monga ticitira ife. Amakubwereka kudzuwa ndi pamwala. N'cifukwa cake mumaona abuluzi ali gone pa miyala m'mawa. Popanda kutentha kumeneko sangathamange, ndipo cakudya sicigayika m'mimba mwake. Cotero woweta buluzi wa kolala m'nyumba amayenera kuika nyale yotenthetsa mwala kufika madigiri pafupifupi 40, ndi kusiya mbali ina ya bokosi yozizirirapo kuti nyamayo izisankha yokha pokhala.

Kutentha pakokha sikukwanira. M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cina cosaoneka ndi maso, cimene akatswiri amati UVB. Ceza cimeneci cimathandiza khungu la buluzi kupanga vitamini D3, amene amacititsa kuti thupi lilandire kashiamu wolimbitsa mafupa. Galasi la pazenera limatsekereza ceza cimeneci, motero kuika bokosi pafupi ndi zenera lotseka sikuthandiza. Pamafunika nyale yapadera, imene imayenera kusinthidwa pakapita miyezi 6 mpaka 12 ngakhale ikali kuyaka, pakuti mphamvu yake imatha mwakabisira. Buluzi wosowa zimenezi mafupa ake amafewa, nsagwada zimapindika, miyendo imanjenjemera, ndipo amafa pang'onopang'ono.

Cakudya cake ndi tizilombo tamoyo monga ziwala, nkhululu ndi mphemvu, ndipo toteroto tisacokere m'munda wopoperedwa mankhwala. Popeza ndi nyama yothamanga, bokosi lake liyenera kupitirira mita imodzi m'litali. Amuna awiri sakhalira pamodzi, amamenyana mpaka kuvulazana. Wowetayo nayenso ayenera kusamba m'manja nthawi zonse akagwira nyamayo, cifukwa zokwawa zambiri zimanyamula tizilombo ta salmonella timene timatsegula anthu m'mimba. Nchito yonseyi si ya mwezi umodzi. Buluzi wa kolala amakhala zaka 5 mpaka 8. Mnyamata amene wamutenga poyamba sekondale angamalize sukulu buluziyo akali kuyembekezera ziwala zake.

Tsopano talingalirani za kwathu kuno. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'damu la Kariba, tinali kukhala maola ambiri pa tsiku popanda magetsi. Kodi buluzi amene dzuwa lake ndi nyale ya m'cipinda akanapulumuka bwanji m'mwezi wozizira wa July?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuthengo buluzi amadzipezera yekha dzuwa, mthunzi, mphanga ndi cakudya. Tsiku limene mwamutsekera, zonsezo mwamulanda, ndipo inuyo mwalowa m'malo mwa dzuwa, mthunzi ndi thengo. Mukaiwala, dzuwa lake silituluka. Mukapita ku holide, njala yagwa m'dziko lake. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna kukongola kwa buluzi walandira ngongole ya moyo wake wonse.

Kuswetsa Kumaculukitsa Ngongole

Mnyamata uja sanafune kuweta cabe, anafunanso kuswetsa. Kwawo kwa buluzi wa kolala kumakhala nyengo yacisanu imene iye amabisala pansi pa miyala osadya. Oweta amayesa kutsanzira nyengo imeneyi mwa kucepetsa kutentha ndi kuwala kwa masabata angapo, pakuti ndiyo imakonzekeretsa thupi kubereka. Buluzi woonda kapena wodwala angafere m'tulo tomweto. Wamkazi akatenga mazira amatuluka mawanga ofiirira m'nthiti, ndipo amafuna mcenga wacinyontho wokumbamo. Akausowa, mazira angamukanirire m'mimba n'kumupha. Mazirawo amaswa pakapita miyezi pafupifupi iwiri, ndipo ana ayenera kupatulidwa msanga cifukwa akuluakulu amadya abuluzi ang'onoang'ono.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti wamkazi waikira kawiri m'caka cimodzi, mazira 6 ulendo uliwonse. Amenewo ndi ana 12. Ngati theka lawo ndi amuna, aliyense adzafuna bokosi lake ndi nyale zake. Ogula akapanda kupezeka mudzatani nawo? Kuwataya kuthengo kuno n'kulakwa kawiri: nyama yacilendo imafa movutika, kapena ikapulumuka imasokoneza zamoyo za kuno. Nanga ogula akapezeka, kodi mudzafunsa ngati akudziwa za nyale ndi kashiamu, kapena mudzangowerenga makwaca? Woswetsa ndiye waitana zamoyo zimene sizikanabadwa popanda iye. Mlandu wake pa izo sutha tsiku limene walandira ndalama.

"Nanga Nkhuku Sitiweta?"

Wina adzati: "Koma akulu, ife timaweta nkhuku, nkhunda, akalulu ndi mbira. Buluzi wasiyana pati?" Funso limeneli n'labwino. Kusiyana kwake n'kwakuti ziweto zimenezi zakhala ndi anthu kwa mibadwomibadwo, mpaka matupi ndi makhalidwe ao anazolowera pakhomo. Nkhunda mumaitsegulira m'mawa ndipo madzulo imabwera yokha. Gulo mukamutsegulira sadzabweranso. Pamenepo wakuuzani maganizo ake ngakhale alibe mau.

Winanso adzati: "M'bokosi mulibe kabawi, mulibe njoka, mulibe anyamata a malegeni. Kodi sindiye kuti ndamupulumutsa?" Muli coonadi m'mau amenewa, ndipo sindifuna kucibisa. Buluzi wobadwira m'manja mwa anthu, wosamalidwa ndi munthu wodziwa, angakhale wathanzi zaka zambiri. Ndiponso oweta akamaswetsa okha, ogwira abuluzi kuthengo amasowa msika, ndipo zimenezo n'zabwino, pakuti ogwidwa kuthengo ambiri amafika ali ndi njoka zam'mimba, amakana kudya, nafa msanga. Motero sindinena kuti aliyense woweta buluzi ndi wankhanza. Koma taonani kuti mfundo imeneyi imateteza woweta wodziwa ndi wokhoza. Siiteteza ine ndi katoni yanga ya kunsi kwa bedi. Komanso siipereka cifukwa cokagwirira gulo amene akudzikhalira bwino pamtengo wake.

Ndipo wina adzati: "Ndi buluzi cabe, n'kuvutikiranji?" Zoona, buluzi si munthu, ndipo moyo wa mwana sungalinganizidwe ndi moyo wa gulo. Koma iye amamva ululu, njala ndi mantha. Galu akamva njala amalira mpaka mwini nyumba adzuke. Buluzi amavutika ali cete. Kukhala cete kwakeko sikucepetsa udindo wathu, kumauonjezera, cifukwa palibe wina adzatikumbutsa. Khalidwe lenileni la munthu limaoneka pa zimene amacitira cinthu cimene sicingathe kukamuneneza kulikonse.

Phunziro la pa Chilanga

Citsanzo ca zimenezi cili pafupi, pa msewu womwewu wopita ku Lusaka. Pa Chilanga pali malo odziwika ndi dzina lakuti Munda Wanga. Anayambitsa malowa ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950 monga munda wake wa mitengo ndi maluwa. Pambuyo pake anakhala m'manja mwa boma, ndipo munasungidwa nyama zakuthengo zoti anthu azidzaona. Koma ndalama zitasowa, pofika m'zaka za m'ma 1990 malowo anali ataonongeka ndipo nyama zinavutika m'makola ang'onoang'ono, kufikira pamene nchito yowakonzanso inayamba cakumapeto kwa zaka zimenezo. M'zaka zotsatira malowa analandiranso anyani ndi apusi amene anthu anali kusunga pakhomo monga ziweto.

Palibe amene anaika nyama m'makola amenewo ndi colinga cakuti zivutike. Zinavutika cifukwa mphamvu yozisamalira inatha pamene makola anali cikhalire otseka. Ngati zimenezi zinacitika pa malo aakulu okhala ndi anchito, nanga kwa ine ndi inu amene timadalira ndalama ya m'thumba la makolo? Dzina lakuti Munda Wanga limandiganizitsa. Liu lakuti "wanga" timalikonda tikamanena za ufulu: buluzi wanga, ndicita naye cimene ndifuna. Koma liu lomwelo limanenanso za udindo, monga pamene mai akuti "mwana wanga." Amene akuti "wanga" wavomera kuti cinthuco cikavutika, wofunsidwa ndi iyeyo.

Ngakhale lamulo la dziko lino silimatilola kunena "wanga" mwacisawawa. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 linaika umwini wa nyama zimenezi m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo linakhazikitsa dipatimenti yoyang'anira mapaki ndi nyama zakuthengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Likulu lake lili pa Chilanga pomwepo. Wofuna kusunga, kuswetsa kapena kuitanitsa nyama yakuthengo kucokera kunja ayambe wakafunsa kumeneko za cilolezo.

Yankho Langa

Nanga yankho la funso lathu n'lotani? Ine ndikuti kukonda pakokha sikupereka ufulu. Pali kukonda kumene kumafunsa kuti, "Kodi cinthuci cidzandisangalatsa bwanji?" Palinso kukonda kumene kumafunsa kuti, "Kodi cinthuci cimafuna ciani kuti cikhale bwino?" Ine ndili ndi zaka 11 ndinali ndi kukonda koyambako, ndipo kunapha. Ufulu wosunga nyama umapita pokhapo pamene pafika cidziwitso cathu, cuma cathu ndi kupirira kwathu. Zimenezi zikapelewera, cikondi ceniceni cimabweza dzanja.

Mnyamata uja sindinamuletse kukonda abuluzi. Pakati pa anzake amene amawagenda, iye yekha anaona kukongola, ndipo mtima wotero ndi wofunika kuusamala. Ndinamuuza kuti agule kabuku, asankhe gulo mmodzi wa pafupi ndi kwao, ndipo kwa mwezi wathunthu azilemba nthawi imene amatuluka, cimene amadya, ndi pamene amagwedeza mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinagwirizananso kuti gulu lathu lisonkhe ndalama ya ulendo wa ku Kalimba, kumpoto cakum'mawa kwa Lusaka, kumene amaweta ng'ona ndi kusunga njoka ndi akamba, kuti akaone yekha kukula kwa nchito yosunga zokwawa. Akadzakhala katswiri wa zinyama tsiku lina, adzakhala atayambira pamalo oyenera.

Sabata yatha anabwera ndi kabuku kake. Anali atalemba masamba 7, ndipo anandiuza monyadira kuti gulo wake anathamangitsa mnzake wamwamuna pamtengo paja kawiri konse. Ndinaona kuti akunenabe kuti "wanga," koma gulo ali pamtengo pake.

Mafunso Okambirana M'gulu Lanu

1. Kodi ziweto za pakhomo panu zimalandira zimene zimafuna, kapena zimene zatsala?

2. Munthu akatopa ndi ciweto cimene anacifuna yekha, ayenera kucita ciani?

3. Ndi zinthu ziti, kapena anthu ati, amene inu mumati "wanga"? Kodi iwo angayankhe bwanji atafunsidwa za cisamaliro canu?