KODI BATA LA PA CHILUMBA NDI LA YANI?

Munthu wochoka ku Mua kulowera ku Salima, akapitirira Mtakataka ndi Chipoka, wayandikira zilumba zitatu zotchedwa Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Pa chilumba cha Nankoma pali nyumba ya alendo, dzina lake Blue Zebra, kumene anthu amafika pa boti kuchokera ku Senga Bay. Kumeneko kulibe msika, kulibe galimoto, kulibenso mudzi. Mlendo amagona m'kanyumba koyang'ana kunyanja, nadzuka ndi kulira kwa nkhwazi, napeza chakudya chili kale pa tebulo. Malo ena otere ali pa Mumbo, pafupi ndi Cape Maclear, ndiponso ku Likoma, kumene kuli Kaya Mawa. Mtengo wake umawerengedwa m'madola a ku America, ndipo usiku umodzi wokha umaposa malipiro a mwezi wathunthu a wantchito wamba.

Ena mwa alendowa amayamba adzera pa Mua kudzaona za chikhalidwe ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, nagulako ziboliboli kwa amisiri. Tsono mlimi wa ku Golomoti, poona galimoto zaozo zilikutsikira kunyanja, akhoza kufunsa mumtima mwake kuti: kodi si tchimo kutaya chuma chotere pa kugona chabe, pamene ena alikusowa thumba la feteleza?

Funsoli si lachibwana, koma yankho lake silifuna liuma. Poyamba, kupuma pakokha si tchimo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi, ndipo kuti munthu wokana chisangalalo chilichonse, nakhala cholemetsa kwa anzake, alinso ndi chilema chake. Iye adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Mtumwi, amene anthu ena adakhumudwa naye pompeza alikusewera ndi ophunzira ake. Yohane adauza mmodzi wa iwo, amene adanyamula uta, kuti aponye mivi kangapo, namfunsa ngati angathe kutero osaleka. Munthuyo adayankha kuti utawo ungathyoke. Ngakhale Ambuye Yesu, monga alembera Marko Woyera m'mutu 6, adatenga Atumwi ake m'ngalawa kunka nao kumalo kwa okha, poona kuti analibe ndi mpata womwe wa kudya. Nesi amene wagwira ntchito chaka chonse m'chipatala, nasunga ndalama zake kuti akapume masiku atatu pa chilumba, sanabe kanthu kwa munthu aliyense. Ndipo mlimi uja ayenera kudziyesa bwino, pakuti kaduka kamadziwa kuvala malaya a chilungamo.

Komatu nkhani siithera pamenepa. Kodi chimene mlendo amagula pa chilumba n'chiyani? Si chakudya, pakuti chambo cha pa Nankoma sichiposa cha pa Chipoka. Si bedi, pakuti kwao ali nalo labwino. Chimene amagula ndi bata. Ndipo batalo, lingakhale lioneka ngati mphatso ya chilengedwe, silimera lokha ngati bowa. Pali wophika amene adadzuka kusanache. Pali wochapa, mlonda, woyendetsa boti, ndi wosesa mchenga amene amafafaniza mapazi ake omwe kuti mlendo aone gombe ngati sipanaponde munthu. Luso lao lalikulu ndilo kusaoneka. Akaigwira bwino ntchito yao, mlendo amaiwala kuti alipo.

Palinso ena amene amapereka gawo lao mwa kusafikako konse. Zilumba za Maleri, Mumbo ndi Domwe zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. M'malo amenewa lamulo liletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera pa gombe. Lamuloli ndi labwino, ndipo popanda ilo mbunazo zikadachepa kale. Koma mtengo wake amalipira ndi msodzi, amene ayenera kupalasa bwato lake kunka kutali. Mlendo atakhala pakhonde usiku, naona nyali za asodzi a usipa zitandanda panyanja ngati nyenyezi, amati n'zokongola, ndipo n'zokongoladi. Koma pansi pa nyali iliyonse pali anthu amene sadzagona mpaka mbandakucha, ndi mayi amene alikudikira pa gombe ndi beseni lake, osadziwa ngati mwera uwabweza onse.

Apa ndipo pamene Malembo aunikira. Lamulo la Sabata, monga lilembedwa m'buku la Deuteronomo mutu 5, silinena za mwini nyumba yekha. Litchula mwana, wantchito wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu, ndi mlendo wokhala m'mudzimo, niperekanso chifukwa chake: kuti wantchito apume monga mbuye wake, ndi kuti Aisraele akumbukire ukapolo wao wa ku Ejipito. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, adati pangano la ntchito lomana munthu mpumulo wa thupi ndi wa mzimu si lolungama, ngakhale wantchitoyo atalivomera. Papa John Paul II, mu 1981, adawerengera tchuthi cha pa chaka pakati pa zinthu zimene wantchito ayenera kulandira. Tsono funso loyenera si lakuti mlendo walipira zingati, koma lakuti: kodi wophika uja ali nalo tsiku lake? Kodi amaoloka liti kukaona ana ake? Mlendo wa mtima wabwino angathe kufunsa zimenezi asanasankhe kogona, angathe kudziwa dzina la womtumikira, ndi kuleka kumuitana usiku pa zinthu zopanda pake.

Owerenga ambiri sadzaponda pa Nankoma moyo wao wonse, koma asafulumire kuganiza kuti mlanduwu ndi wa Azungu ndi mabwana a ku Lilongwe okha. Mwamuna amene pa Lamulungu, atachoka ku Misa, amakhala tsonga pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, pamene mkazi wake watunga madzi, watola nkhuni, waphika ndi kutsuka mbale, ameneyo ali ndi chilumba chake pa bwalo pake pomwe. Chimodzimodzi mphunzitsi kapena mwini golosale amene mtsikana wake wantchito sadziwa tsiku lopuma, ndi mwini ng'ombe amene kamnyamata kake kobusa sikanalowepo m'tchalitchi kapena m'kalasi. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pa Nankoma uja amalipira.

Kumpoto kwa Senga Bay, m'dera la mfumu Makanjira ya ku Salima, kuli chilumba china, cha Mbenje, chimene chili ndi mwambo wosiyana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amachitseka m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti utaka uswane. Nyengo imeneyi ikafika, mwini makoka ndi alovi ake amachoka onse pamodzi, nabwerera kumtunda kukalima. Chikatsegulidwa, pa chilumbapo saloledwa mowa, chamba kapena juga. Saloledwanso akazi, ndipo lamulo limeneli ena angalifunse mafunso. Koma pa za mpumulo, palibe amene amagula bata la pa Mbenje, ndipo palibe amene amatsala kuti atumikire mnzake. Kwa miyezi inayi pa chilumbapo pamakhala mbalame ndi mafunde, ndipo asodzi akabwerako amapeza nsomba zitakula.