Za Kumanga Munthu Wosalakwa

Mbala timaigwira cifukwa ca zimene inacita, ndipo mlandu wace umanenedwa pabwalo. Koma wozungulira mutu timammanga asanalakwe kanthu, ndipo kawiri kawiri omanga ndiwo abale ace omwe. Ambiri a ife taziona kumidzi: mnyamata ali m'goli kuseri kwa nkhokwe, amace alikulira, anthu nati, Nanga tikadatani? Sindiwatsutsa ai, pakuti woyenda ndi nkhwangwa usiku saleka kuopsa cifukwa ali mwana wathu. Koma ndani ayenera kunena kuti imeneyi ndi misala?

Pakuti si kubwebweta konse kuli misala. Malungo akakwera kumutu, munthu amaona zimene palibe. Momwemonso nthenda youmitsa khosi, ndi shuga akacepa m'mwazi, ndi cidakwa cikaleka kacasu modzidzimutsa. Palinso pelagra, nthenda ya iwo akudya nsima ya cimanga yopanda ndiwo zokwanira: iyamba ndi khungu ndi m'mimba, nitsiriza ndi nzeru. Onsewa asowa mankhwala kapena cakudya. Ndipo ena mwa iwo, tikangowatsekera m'nyumba kufikira m'mawa, tidzawapeza atafa. Pamenepo tidzati anamlodza, ndipo nkhalamba ina yosadziwa kanthu idzasenza mlanduwo.

Maboma nawonso anaphunzira ici mocedwa. Ku Zomba, m'caka ca 1910, malo osungiramo amisala anayamba monga mbali ya ndende, ngati kudwala ndiko kucimwa. Ku England lamulo la 1983 linati pakugoneka munthu m'cipatala masiku 28 iye asakufuna, madotolo awiri ayambe amuona, napereke umboni wao. Ine ndiyesa kuti awiriwo aposa mmodzi, osati cifukwa dotolo ali wonama, koma cifukwa ali munthu, ndipo amatopa, namveranso mau a abale amene nthawi zina ali ndi maso pa munda wa wodwalayo.

Wina adzati, Aphunzitsi, cipatala ciri kutali, ndi mtsinje wadzala. Nzoonadi. Mgwireni tsono, monga mugwira wakhunyu kuti angagwe pamoto. Cingwe cisadye thupi lace, ndipo wina akhale naye usiku wonse. Koma kukaca munyamuke naye. Mukafika, musangoti, Wapenga. Muwauze tsiku limene anayamba, ngati thupi linatentha, ngati anagwa nagunda mutu, ndi cimene anamwa, ngakhale ca kwa sing'anga. Ndipo mupemphe kuti amuyese mwazi asanamlembere kalata ya ku Zomba.