Kamba amene sanachoke

Mawu: Yobu 2:11-13, Yohane 19:25-27



Pali buku la ana lotchedwa Owen & Mzee, limene linatuluka mu 2006. Analemba ndi kamtsikana Isabella Hatkoff pamodzi ndi bambo ake a Craig Hatkoff ndi Dr Paula Kahumbu a ku Kenya. Limamveka ngati nthano, koma ndi zochitikadi.

Pa 26 Disembala 2004 chivomerezi cha pansi pa nyanja ku Indonesia chinautsa mafunde amene anafika mpaka ku gombe la Kenya. Pafupi ndi tauni ya Malindi anthu anaona mwana wa mvuu ali yekhayekha pa matanthwe a m'nyanja, amake kulibe. Analimbana naye ndi maukonde mpaka anamutulutsa, namutcha Owen, napita naye kumalo osungirako nyama a Haller Park ku Mombasa. Atangomutsitsa m'galimoto anathamanga kukabisala kumbuyo kwa kamba wamkulu wa zaka pafupifupi 130, dzina lake Mzee, ndiye kuti nkhalamba pa Chiswahili.

Kamba uja sanakondwe nazo. Anayesa kuchokapo, koma nanga kamba angathawe ndani? Kutacha anawapeza atagona mogundizana. Owen, amene poyamba ankakana chakudya, anayamba kudya poona Mzee akudya masamba.

Tsono taganizani, amayi. Kamba anali ndi chiyani choti apatse mwana wa mvuu? Mkaka alibe. Thupi lake ndi chigoba, silifunditsa. M'nthano zathu timamudziwa ndi kuchedwa. Koma mwanayo akadzuka usiku ankamupeza pomwepo, m'mawa pomwepo, mawa lake pomweponso.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona kuti mwana wamasiye sabwera kudzanena kuti akulira amayi ake. Amabwera ndi m'mimba mopweteka koma mukamuyeza matenda osapezeka. Amayambiranso kukodza pogona atasiya kale. Amakana nsima, kapena amangokhala duu. Ife timati ndi mwano, mwina kumukwapula kumene. Ndipo chiyambi cha zonsezi nthawi zina ndife tomwe: maliro akagwa timathamangitsira ana kwa aneba, tikumawauza kuti amayi apita ku ulendo. Mwanayo amakhulupirira, nayamba kudikira kumsewu. Tsiku lodzadziwa zoona amataya ziwiri, amake ndi chikhulupiriro chake mwa ife akuluakulu.

Apa ndi pamene mabuku otere amatiposa. Sabisa imfa. Mu Charlotte's Web, buku la E. B. White la mu 1952, kangaude amene anapulumutsa mnzake nkhumba kuti isaphedwe amamwalira ndithu, ndipo nkhumbayo imasamala mazira ake mpaka kuswa. Mwana amene sangathe kutchula dzina la amayi ake angathe kufunsa kuti, “Nanga amake a mvuu uja anapita kuti?” Mukamva funso limeneli, ikani pansi lichero mumvetsere. Sakufunsa za mvuu ayi.

Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba aja, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Anaononga atayamba kufotokoza chifukwa chimene tsoka linamugwera, mpaka Mulungu anawadzudzula. Ifenso pasiwa timafulumira ndi mawu, kenaka mwambo ukatha aliyense ulendo kwawo. Chisoni cha mwana chimakula nthawi imeneyo, mphasa zitapindidwa, nyumba ili zii.

Onaninso Ambuye wathu pa mtanda. Ali mu ululu woopsa anaona amayi ake, nawapereka kwa wophunzira amene ankamukonda, munthu woti sanabadwe m'mimba mwa Mariya. Sanawalalikire. Anawapatsa munthu wokhala naye, ndipo wophunzirayo anawatenga kunka nawo kwawo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukulera zidzukulu kuyambira zaka zija Edzi inkatilanda ana athu, ndipo ena munalandira ana otsala pa namondwe wa Freddy mu 2023. Mumati, “Ine ndakalamba, ndalama ndilibe, sukulu sindinapite nayo patali, mwanayu ndimupatsa chiyani?” Fizi ndi sopo ndi zofunika, sindikukana, ndipo mpingo uyenera kuthandizapo. Koma musadzipeputse, agogo. Mwana amene akudya chifukwa wakuonani inu mukudya wayamba kale kuchira.

Chinanso chowawa ndi ichi. Owen anakula, nafika poti akanatha kuvulaza kamba uja posewera, choncho osamalira nyama anamusamutsa kuti akakhale ndi mvuu inzake yotchedwa Cleo. Mwana amene mwamulera adzapita, kaya kusukulu yogonera konko, kaya kwa amalume ake amene sanaoneke nthawi ya mavuto. Zimapweteka. Mulekeni apite ndi madalitso anu, osati ndi mawu omuwerengera mbale za nsima zimene anadya.

Pempho langa ku nthambi iliyonse ndi lakuti pa msonkhano wotsatira mulembe maina a ana a m'parishi mwanu amene ataya kholo chaka chino. Mwana aliyense akhale ndi mayi mmodzi womuyendera sabata ndi sabata, mayi yemweyo, osasinthasintha. Mukapita, tengani mtedza wosenda kapena nyemba zosankha, mukhale naye pakhonde.