Khasu ndi chikho cha pa guwa

Mu Disembala, pamene kuno alimi ali kalikiliki kupalira chimanga, madimba a ku Ulaya amakhala ali zii. Nthaka imauma gwa ndi chisanu, ndipo mlimi ntchito amakaipeza m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Amapala dothi lonse lokakamira pa fosholo, poti dothi limasunga chinyezi, ndipo chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Amanola ndi tupa, mipini n'kuipaka mafuta a mbewu za fulakesi kuti isang'aluke, kenako n'kukoloweka zonse pakhoma.

Kodi ntchito yotere ili ndi kanthu pamaso pa Mulungu, kapena ndi nzeru chabe zopewera kugula zatsopano?

Benedict wa ku Nursia, amene anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Monte Cassino m'dziko la Italy cha m'ma 529, anayankha mosapita m'mbali. Lamulo limene analembera amonke ake lili ndi mitu 73. Pa mutu 31 akulamula wosunga katundu kuti ziwiya zonse za panyumbapo aziziona monga amaonera ziwiya zopatulika za pa guwa. Mutu 32 ukukamba za zipangizo: mkulu wa amonke azizilemba m'kaundula, ndipo wozigwira mosasamala kapena kuzisiya zakuda adzudzulidwe. Khasu lamatope laikidwa pamzere umodzi ndi chikho cha pa Misa.

Mkhristu wodziwa Baibulo akhoza kudandaula pamenepa, ndipo dandaulo lake ndi lomveka. Pa Mateyu 6 Yesu akuchenjeza za chuma cha pansi pano, natchula dzimbiri lenilenilo ngati chizindikiro chakuti zonsezi ndi zakutha. Nanga munthu amene anasiya zonse kuti atsate Mulungu atayirenji tsiku kupukuta chitsulo? Kodi kumeneko si kubweza mtima ku zinthu zomwe anazikana?

Yankho lili pa mutu 33. Mmonke saloledwa kukhala ndi chake, ngakhale buku kapena cholembera. Ndiye kuti khasu limene akunola si lake, ndipo sadzaligulitsa kapena kusiyira mwana. Mawa lidzagwidwa ndi mbale wina, mwina wokalamba, mwina wofooka. Likakhala lobuntha, msana umene udzawawe ndi wa mbaleyo, ndipo mpini ukang'aluka, matuza adzatuluka m'manja mwake. Ku khitchini n'chimodzimodzi: mutu 35 ukufuna kuti wophika akatha sabata yake abweze ziwiya zili zoyera ndi zamphumphu, kuti wolowa m'malo mwake azilandire choncho. Benedict analondola. Ulemu umene akufunira chitsulo umakathera kwa munthu wodzachigwira, amene mwina sadzadziwa n'komwe kuti anachinola ndani.

Papa Gregory Wamkulu, polemba za moyo wa Benedict cha m'ma 593, anasimba za munthu wina wosauka mumzimu wa mtundu wa Agoti amene analowa umonke ku Subiaco. Tsiku lina akutchetcha minga m'mbali mwa nyanja kuti pakhale dimba, chitsulo cha chikwakwa chinaguluka n'kumira. Munthuyo anathamanga akunjenjemera kukaulula. Benedict anaviika mpini m'madzi, chitsulo chinabwerera pamalo pake, ndipo anamubwezera chikwakwacho namutonthoza kuti akapitirize ntchito. Nkhaniyi ikufanana ndi ya Elisa pa 2 Mafumu 6, pamene nkhwangwa inagwera mu Yordano ndipo wodula mtengo analira chifukwa inali yobwereka. Wina akhoza kukayika za chozizwitsacho, koma n'zochititsa chidwi kuti olemba onsewo anaona chitsulo cha munthu wamba kukhala choyenera kuti Mulungu achilabadire. Masiku amenewo chitsulo chinali chodula, ndipo kuchitaya kunali kutaya chakudya.

Chovuta cha chiphunzitsochi chimaonekera pa katundu wa gulu. Khasu la pakhomo mwini wake amalibisa ku mvula ndi chiswe popanda womuuza. Koma wilibala ya pa tchalitchi, zikwakwa za pa sukulu ndi makeni a kalabu ya dimba kawirikawiri zimagona panja ntchito ikatha, aliyense akuganiza kuti alowetsa ndi mnzake. Benedict ankadziwa mtima umenewu, n'chifukwa chake sanadalire chifundo chokha. Anaika kaundula, munthu woyang'anira, ndiponso pa mutu 46 analamula kuti wothyola kapena kutaya chinthu apite yekha msanga kukanena pamaso pa mkulu ndi abale onse. Akabisa n'kumvekera kwa wina, chilango chake chimakula.